Chotetezera magetsi chabwino ndi chodziwa kukana

Masana a mwezi wa Julaye ku Texas, m'dziko la America, dzuwa limaswa mtengo, ndipo malo oimikapo ma motorhome amadzaza mpaka kumpanda. Galimoto zikuluzikulu zokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa m'kati zimandandalikana m'mizere, iliyonse itatulutsa chinthambo chakuda cholowa m'soketi ya pa kabokosi kachitsulo kozikidwa pansi. Ikamakwana 3 koloko aliyense amakhala atayatsa eyakoni, ena ziwiri padenga limodzi. Kumwamba kuli mbee, mphezi kulibe. Komatu nthawi imeneyi ndi imene katundu wamagetsi wa m'galimotozi amazunzika koposa. Magetsi oyenera kufika pa mavolti 120 amatsika, makamaka kwa amene aima kumathero a mzere, kutali ndi thiransifoma, monga umachitira mpopi wa kumtunda pamene onse a kumunsi akutunga. Mota ya eyakoni ikalandira magetsi ofooka imakoka ma amp ambiri kuti igwirebe ntchito yomweyo, imatentha, ndipo utoto wokuta mawaya ake a m'kati umapsa pang'onopang'ono. Siifa tsiku lomwelo. Imadzafa mwezi wina, kumalo ena, mwiniwake n'kumadandaula kuti katundu wa masiku ano salimba.

Kawirikawiri munthu wotereyu amakhala kuti chotetezera magetsi ali nacho. Anachigula m'sitolo, pabokosi pake panalembedwa ma joule masauzande angapo, ndipo tinyali take tobiriwira tikuyaka bwinobwino. Vuto ndi lakuti chidacho chinapangidwira mdani wina, osati amene wafikayu. Posankha chotetezera magetsi cha motorhome kapena kalavani, kuchuluka kwa ma joule kusakhale funso loyamba. Loyamba likhale lakuti, kodi chidachi chimatha kudula magetsi chokha chikaona kuti amene akubwerawo si abwino?

Ku America nkhaniyi si yaing'ono. Bungwe la makampani opanga galimotozi, RV Industry Association, linanena mu 2021 kuti mabanja oposa 11 miliyoni ali ndi motorhome kapena kalavani, ndipo chaka chomwecho mafakitale anatulutsa zatsopano pafupifupi 600,000. Zambiri mwa izo zimapangidwa m'dera la Elkhart, ku Indiana, kumene kuli malikulu a makampani a Thor Industries ndi Forest River. Nyumba yomangidwa ndi njerwa imalandira magetsi kuchokera pa waya mmodzi moyo wake wonse, ndipo waya ameneyo anayesedwa tsiku lomulumikiza. Nyumba ya matayala imagona pa soketi yachilendo mwina sabata iliyonse. Mwini wake sadziwa amene analumikiza soketiyo, sadziwa kuti mvula yailowa kangati, sadziwanso kuti galimoto ya dzulo inagunda kabokosiko pobwerera m'mbuyo.

Chotetezera chotsika mtengo chija chili ndi ntchito yake, ndipo si bwino kuchinyoza. M'kati mwake muli tizimbale totchedwa MOV, tokhala pakati pa waya wa live ndi wa earth. Magetsi akakhala pa mlingo wake, tizimbaleti timangokhala chete. Mphezi ikagwa pafupi ndi mawaya a kampani ya magetsi, kapena chimakina chachikulu chikazimitsidwa mwadzidzidzi, pamadutsa funde la mavolti masauzande lotha m'kagawo kochepetsetsa ka sekondi. Pamenepo MOV imatseguka n'kulitembenuzira pansi. Ma joule olembedwa pabokosi akunena kuchuluka kwa mphamvu imene tizimbaleti tingameze tisanathe. Ndipo timathadi. Funde lililonse limadyako pang'ono, mpaka tsiku lina chidacho chimasanduka nthambo wamba, magetsi akudutsa koma chitetezo palibe. Choncho chofunika kuchiyang'ana pa chida chotere ndi kanyali kosonyeza kuti MOV idakali yamoyo, komanso chizindikiro choti chinayesedwa motsatira muyezo wa UL 1449, osati nambala yaikulu yokopa maso.

Koma magetsi akatsika kufika pa mavolti 100, MOV siona kanthu. Akakwera n'kukhazikika pa 200 kwa mphindi zingapo, MOV imayesa kumeza zimene siinapangidwire kumeza, imatentha n'kupsa yokha, kenako katundu amatsatira.

Apa ndi pamene pamalowera chida cha mtundu wachiwiri, chimene Aamereka amachitchula EMS. Makampani odziwika nacho ndi Progressive Industries, Southwire amene amagulitsa cha dzina la Surge Guard, ndi Hughes Autoformers amene amapanga Power Watchdog. Nachonso chili ndi MOV, koma chawonjezera zinthu ziwiri: kakompyuta koyeza magetsi nthawi zonse, ndi swichi yaikulu imene kakompyutako kamatsegula ndi kutseka. Munthu akachilowetsa m'soketi, sichipereka magetsi nthawi yomweyo. Chimayamba chafufuza ngati earth ilipo, ngati neutral ilipo, ngati live ndi neutral sizinasinthanitsidwe, ngati mavolti ali pakati pa malire. Chikakhutira ndi pamene chimamveka kuti "kwaka", magetsi n'kulowa. Pa zida zambiri malirewo ali cha pa mavolti 104 kumunsi ndi 132 kumtunda. Magetsi akadumpha malire usiku anthu ali m'tulo, chimadula, ndipo akabwerera m'malo mwake chimadikirabe mphindi ziwiri ndi masekondi angapo chisanalumikize. Kudikiraku n'kofunika kwambiri kwa kompuresa ya eyakoni: ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso pompopompo imayamba kukankha gasi amene sanakhazikike, ndipo imalemedwa mpaka kuima ikutentha.

Ngozi yoopsa kwambiri kwa katundu imabisala m'masoketi a ma amp 50. Ku America ma motorhome ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito pulagi ya mano atatu ya ma amp 30, yopereka ma watt 3,600. Akuluakulu ali ndi pulagi ya mano anayi ya ma amp 50, momwe muli mawaya awiri a live, aliyense wa mavolti 120, ogawana neutral mmodzi, ndipo onse pamodzi amapereka ma watt 12,000. Pakati pa ma live awiriwo pali mavolti 240. Chimene chimasunga mbali iliyonse pa 120 ndi neutral ameneyo basi. Tsono dzino la neutral likachita dzimbiri, kapena sikuluwu yake ikamasuka m'kabokosi, mavolti 240 aja amagawika motengera katundu amene wayatsidwa. Mbali yokhala ndi katundu wolemera imalandira ochepa, mbali yopepuka imalandira otsala onse. Ngati mbali ina kukuyaka giza ya ma watt 1,400 ndipo mbali inayo kuli kachipangizo ka ma watt 100 kokha, kachipangizoko kamalandira mavolti oposa 220. Wailesi ya kanema, mayikulowevu, chaja ya mabatire, bodi ya filiji, zonse zingapite m'masekondi ochepa, utsi uli tolotolo. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo neutral amatha kumasuka pakati pa usiku ngakhale madzulo anali bwino. Munthu woyeza soketi ndi mita pofika wachita bwino, koma mita ija amaibweza m'bokosi, pamene EMS imayezabe mpaka kucha.

Palinso cholakwa china chotchuka, chochitika pakhomo penipeni. Pulagi ya ma amp 30 ya motorhome, yotchedwa TT-30, imafanana maonekedwe ndi pulagi yakale ya makina oumitsira zovala, amene ku America amayendera mavolti 240. Amisiri ena a zamagetsi, ozolowera nyumba koma osadziwa galimotozi, akaitanidwa kuti aike soketi ya motorhome pagalaja amailumikiza ku 240. Mwini galimoto amalowetsa pulagi mokondwa, ndipo katundu yense wa mavolti 120 amapsa nthawi imodzi. Chotetezera cha ma joule okha sichingamupulumutse. EMS imangokana kulumikiza, n'kuonetsa nambala ya vuto pa kagalasi kake.

Zonsezi ndi za katundu, ndipo katundu amagulidwanso. Waya wa earth ndiye wokhudza moyo. Motorhome imaima pa matayala a labala, choncho chitsulo chake chonse, kuyambira chasisi, masitepe mpaka chogwirira chitseko, chimadalira waya mmodzi wa earth wa m'nthambo muja kuti chikhale chopanda magetsi. Waya ameneyu akaduka, kaya m'soketi, m'nthambo yowonjezera kapena m'adaputa yothyoka dzino, kudontha kulikonse kwa magetsi m'kati kumakwera pa thupi la galimoto. Katswiri wa ku America Mike Sokol, amene wakhala zaka zambiri akulemba ndi kuphunzitsa za magetsi a galimotozi, amabwereza chenjezo limodzi: munthu akamva kanyesi ngakhale kochepa pogwira chitseko, azule pulagi nthawi yomweyo. Wovala nsapato zouma amangomva kunyerenyetsa. Mwana wopanda nsapato woima pa udzu wonyowa ndiye amasanduka njira ya magetsi yopita pansi. Sokol amalimbikitsanso kakalamu koyezera magetsi kosafuna kukhudza waya, kamene kamalira kakayandikira chitsulo chokhala ndi magetsi. N'kotsika mtengo, ndipo kamagwira vuto lina limene ngakhale EMS imatha kuliphonya: soketi imene wina anaba earth kuchokera ku neutral, kwinaku live ndi neutral zitatembenuzidwa. Pa soketi yotere zoyezera zambiri zimaonetsa kuti zonse zili bwino pamene galimoto yonse ili pa mavolti 120.

Otsutsa alipo, ndipo zina zimene amanena n'zomveka. EMS ndi yokwera mtengo kawiri kapena katatu kuposa chotetezera wamba. Imathanso kukwiyitsa: tsiku lotentha, magetsi akamatsika ndi kukwera, imazimitsa eyakoni pa nthawi imene banja likuifunitsitsa, pamene woyandikana naye wopanda chida akupumabe mphepo yozizira. Koma kuzimako ndi chidacho chikugwira ntchito imene chinagulidwira, ndipo mtengo wake sufika pa wa eyakoni imodzi yapadenga. Dandaulo loona ndi la jenereta. Majenereta ang'onoang'ono ambiri onyamula m'manja salumikiza neutral ndi earth m'kati mwake, choncho EMS imaganiza kuti earth palibe n'kukana. Njira yake ndi kapulagi kapadera kolumikiza ziwirizo, kolowetsedwa m'soketi ina ya jeneretayo, osati kuchotsa chitetezo. Zoti chida chikhale chonyamula kapena chomangirira m'kati mwa galimoto si nkhani yotayira nthawi. Chonyamula chimabedwa, chimanyowa, chimaiwalika pa kabokosi. Chomangirira chimafuna mmisiri, koma palibe tsiku limene munthu angachite ulesi kuchilumikiza.

Ku Britain ndi ku Ulaya zinthu zili mosiyanako, ndipo Amalawi okhala kumeneko amene ayamba kukonda makalavani adziwe zimenezi asanaitanitse katundu pa intaneti. Kumeneko magetsi ndi a mavolti 230, pulagi ya pakampu ndi yabuluu ya mano atatu ozungulira, ya ma amp 16. Malamulo a mawaya a ku Britain a BS 7671 ali ndi zigawo zapadera za makalavani ndi malo oimikapo makalavani, ndipo amalamula kuti soketi iliyonse ikhale ndi RCD yakeyake ya 30 mA, kachida kodula magetsi kakaona kuti ena akudontha kudzera njira yolakwika, monga thupi la munthu. Chifukwa cha ichi mantha a nyesi ndi ochepa kusiyana ndi ku America. Angerezi akawoloka kupita ku France amakumana ndi zina: makampu ena amapereka ma amp 6 kapena 10 okha, moti ketulo imodzi ikhoza kugwetsa buleka, ndipo live ndi neutral nthawi zina zimapezeka zitasinthana. N'chifukwa chake ambiri amayenda ndi kapulagi koyezera komanso kanthambo kafupi kotembenuza mawaya awiriwo.

Ku South Africa, kumene kalavani ndi gawo la tchuthi cha mabanja ambiri, ndipo makampu a Skukuza ndi Satara ku Kruger National Park amadzaza nyengo ya Khirisimasi, mphunzitsi wamkulu anali kuthimathima kwa magetsi a kampani ya Eskom. Mu 2023 magetsi ankathima mosinthana madera kwa masiku oposa 300 pa chaka. Anthu anaona okha kuti katundu samapsa magetsi akamapita, amapsa akamabwera, pamene mafiliji, magiza ndi mapampu a dera lonse akudzuka nthawi imodzi. Chida chodikira kaye chisanalumikize chimadumpha mphindi zoopsa zimenezi. Kuwonjezera apo, dera la Johannesburg ndi Pretoria limagwa mphezi zambiri m'dzinja, choncho kumeneko MOV nayo ili ndi ntchito yeniyeni. Komabe palibe chida cha pa soketi chimene chingaimitse mphezi yogwera pa waya womwewo. Mabingu akayandikira, nzeru ndi kuzula nthambo pa kabokosi n'kuyendera batire mpaka mvula itadutsa.

Galimoto zimenezi zimafikanso kuno kwathu ku Malawi. Zimalowera pa Songwe kuchokera ku Tanzania, pa Mchinji kuchokera ku Zambia, pa Mwanza ndi pa Dedza kuchokera ku Mozambique, zina za manambala a ku Germany ndi Netherlands, zambiri za ku South Africa. Zimagona ku Chitimba, ku Nkhata Bay, ku Kande, ku Senga Bay, ku Cape Maclear, filiji ikulira kumbuyo, mabatire akufuna chaji. Magetsi athu ndi a mavolti 230, soketi zathu ndi za mano atatu a makona monga za ku Britain, choncho mlendo amafika ndi adaputa n'kulumikiza pamene wasonyezedwa. Nthawi zambiri pamene wasonyezedwapo ndi nthambo yowonjezera yochokera ku bala kapena kukhitchini, yodutsa pamchenga, yolumikizidwa pakati ndi tepi yakuda. Amene anayendapo m'mphepete mwa nyanja anaziona nthambo zoterezi: zoonda, za mawaya awiri, dzino la earth lili lokongoletsa chabe, ina itakulungidwabe pa chiguduli chake n'kumafunda ngati mbatata yootcha. Pafupi pomwepo ana a m'mudzi ndi ana a alendo akutuluka m'madzi, mapazi ali onyowa, kudutsa m'mbali mwa galimoto yachitsulo.

Mmalawi safunika kumuphunzitsa za magetsi ofooka. Amadziwa babu likamayaka mofiira madzulo, amadziwa filiji ikamang'ung'udza osayamba. Nthawi imene siteshoni yopanga magetsi ya Kapichira inaima itawonongedwa ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa miyezi yambiri mabizinesi ankangosinthasintha pakati pa magetsi a ESCOM ndi jenereta. Kusinthaku nakonso kuli ndi ngozi zake, chifukwa jenereta yotopa imakweza ndi kutsitsa mavolti katundu wolemera akamayaka ndi kuzima. Ndipo vuto la neutral lija liliponso kuno, loopsa kuposa la ku America: mizere yathu ndi ya ma phase atatu, pakati pa awiri pali mavolti 400, moti mbava zikadula neutral pa thiransifoma, nyumba zina zimalandira magetsi oyandikira pamenepo.

N'chifukwa chake mabanja ambiri m'tauni anagula kale ka fridge guard, kabokosi kolowetsa pakati pa filiji ndi soketi, kamene kamadula magetsi akafooka n'kudikira mphindi zingapo asanabwerere. Nzeru yake ndi yomweyo ya EMS. Kampani ya ku Britain ya Sollatek, imene zida zake zafala m'maiko ambiri a mu Africa, imapanganso zazikulu zotchedwa AVS, zotha kuteteza mzere wonse osati chipangizo chimodzi. Woyenda ndi kalavani m'chigawo chino cha Africa akufunika chida cha mtundu umenewu, ndipo awerenge bwino pabokosi, chifukwa tina mwa timabokosi timeneti timangoona magetsi otsika, tina okwera okha, pamene galimoto ikufuna choona mbali zonse ziwiri, cha ma amp osachepera 16, chokhalanso ndi MOV. EMS ya ku America, ngakhale yotamandidwa chotani pa YouTube, inapangidwira mavolti 120 ndipo kuno ilibe ntchito. Chida choona mbali zonse chija n'chofunikanso kwa mabungwe oyendetsa zipatala zoyendayenda zokhala ndi filiji ya katemera, ndi achinyamata amene ayamba kugulitsa zakudya m'matilela: onsewa amagona pa soketi za eni ake.

Koma si chilungamo kusenzetsa mlendo katundu yense. Chida chake chikhoza kukana magetsi oipa, koma sichingapange earth pamene palibe, ndipo MOV yopanda earth yabwino ilibe koponyera funde. Mwini kampu amene amalipiritsa mlendo madola pa usiku ali ndi udindo woika kabokosi koyenera: soketi yabuluu ya ma amp 16 yosalowa madzi, RCD ya 30 mA pa soketi iliyonse, waya wokhuthala mokwanira mtunda wake wokwiriridwa m'paipi, ndi ndodo ya earth yokhomedwa pamalo oyenera. Mchenga wouma wa kunyanja supititsa bwino magetsi, choncho ndodo imodzi yaifupi siikwanira. Mmisiri ayeze ndi mita yake, awonjezere ndodo kapena akhome mozama mpaka nambala itsike. Ntchitoyi ndi ya mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MERA, osati mnyamata wa pabala amene amadziwa kulumikiza sipika. Akuluakulu oona za malo ogona alendo, poyendera zimbudzi ndi makhitchini asanapereke ziphaso, angathenso kupempha pepala losonyeza kuti masoketi a panja anayesedwa chaka chimenecho. RCD ili ndi kabatani kolembedwa T. Kakadinidwa magetsi ayenera kuzima nthawi yomweyo, ndipo ikapanda kutero isinthidwe mvula ya Novembala isanayambe.